Osunga Kaundula wa Linux: Mbiri ya Gulu Losamalira ext4 ndi JBD2

Mkati mwa kernel ya Linux, yomwe ndi phata la pulogalamu yoyendetsa makompyuta ndi mafoni miyandamiyanda, muli fayilo yotchedwa MAINTAINERS. Fayiloyi ndi mndandanda wa zigawo zonse za kernel pamodzi ndi mayina a anthu amene anasenzetsedwa udindo woziyang'anira. Pamndandandapo pali zigawo ziwiri zimene mbiri ino ikukamba. China ndi ext4, dongosolo losanjira mafayilo pa disiki. Chinzake ndi JBD2, chimene chimasunga journal, kaundula wolembamo zosintha zisanakhazikitsidwe m'malo ake enieni pa disiki.

Anthu osamalira zigawo ziwirizi alibe likulu, ndipo salandira malipiro kwa bwana mmodzi. Ngakhale zili choncho, ali ndi maudindo, malamulo, nthawi zokumana ndi mwambo wa kagwiridwe ka ntchito umene akhala akusiyirana kuyambira mu 1992. Mbiri ino yalembedwera iwo amene akufuna kulowa m'gululi, ndi onse odalira ntchito yake, kuti adziwe kumene linachokera ndi chifukwa chake limaika mtima kwambiri pa ntchito imene wogwiritsa kompyuta saiona ndi maso: kuwerengera molondola amene agwira kachigawo kalikonse ka memory, ndi kudziwa woyenera kukamasula.

Chiyambi ndi cholinga

Pa 25 Ogasiti 1991, a Linus Torvalds, amene panthawiyo ankaphunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analengeza kuti akulemba kernel yawoyawo. Linux yoyambirirayo inalibe njira yakeyake yosungira mafayilo. Inabwereka ya Minix, pulogalamu yophunzitsira imene a Andrew Tanenbaum analemba ku Amsterdam. Njira ya Minix inali yosavuta kuimvetsa, koma inali yothina. Chigawo cha disiki sichinkaposa 64 MB, ndipo dzina la fayilo silinkaposa zilembo 14.

Mu Epulo 1992, a Rémy Card a ku France anatulutsa ext, dongosolo loyamba lolembedwera Linux yeniyeniyo. Linakweza malire kufika pa 2 GB ndipo linalola mayina a zilembo 255. Linali ndi zofooka zake, makamaka kumwazika kwa mafayilo pa disiki akaligwiritsa ntchito nthawi yaitali. Mu Januwale 1993 a Card anabweretsa ext2, imene inatengera nzeru zambiri ku dongosolo la mafayilo la Unix ya ku Berkeley. Nthawi yomweyo kunatulukanso Xiafs ya a Frank Xia, ndipo ziwirizi zinapikisana kwa kanthawi. Imene inapambana ndi ext2, chifukwa inamangidwa mosiya mpata woti idzakule.

Pa ntchito ya ext2 ndi pamene gululi linayambira kuoneka ngati gulu. A Card anagwirizana ndi a Theodore Ts'o a ku America ndi a Stephen Tweedie a ku Scotland, ndipo atatuwa analembera limodzi chikalata chofotokoza kamangidwe ka ext2. A Ts'o anatenga udindo wosamalira e2fsprogs, mapulogalamu opangira, kuyendera ndi kukonzera disiki, udindo umene akuugwirabe. Popeza Linux inali italowa pansi pa chilolezo cha GPL mu 1992, aliyense anali ndi ufulu wowerenga ntchitoyo, kuisintha ndi kuigawa. Cholinga chinali chomveka kuyambira pachiyambi: kupatsa Linux malo osungira mafayilo aulere, odalirika, ndiponso otha kukula popanda kutayitsa anthu zimene anasunga kale.

Vuto la magetsi othima ntchito ili mkati

Kupanga fayilo imodzi yatsopano pa ext2 kumakhudza malo angapo. Dzina la fayiloyo limalembedwa mu foda yake. Kukula kwake, mwini wake ndi malo amene ili zimalembedwa mu inode. Mapu osonyeza mabuloko amene ali ndi kanthu ndi amene ali opanda kanthu nawonso amasinthidwa. Disiki singalembe zonsezi kamodzin'kamodzi. Magetsi akathima ntchito ili mkati, kapena kompyuta ikangouma, zina zimakhala zalembedwa pamene zina sizinalembedwe. Dzina limatha kuloza fayilo imene kulibe, kapena mapu n'kumanena kuti buloko ili yopanda kanthu chonsecho muli zinthu za munthu.

Mankhwala a ext2 anali e2fsck, pulogalamu imene inkayendera disiki yonse kompyuta ikamayakanso, kufufuza paliponse pamene pasemphana. Madisiki ali aang'ono, ntchitoyi inkatha msanga. Koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 madisiki anali atakula kwambiri, ndipo pa maseva aakulu kuyenderako kunkatenga maola, ntchito zonse zitaima. Owerenga a kwathu kuno, kumene magetsi amathima osatsanzika, akudziwa bwino kuti kompyuta imene imafuna maola kuti idzuke singadaliridwe mu ofesi kapena m'chipatala. Linux inkafuna kulowa m'makampani aakulu, ndipo vutoli linali litaitsekera njira.

Kubadwa kwa journal

Mu 1998, pa msonkhano wa LinuxExpo, a Tweedie anafotokoza njira yoikira journal pa ext2. Zosintha zonse zoyendera limodzi zimamangidwa mtolo umodzi, umene akatswiri amautcha transaction. Mtolowo umayamba walembedwa mu journal, ndipo kumapeto kwake kumaikidwa chidindo chotchedwa commit chotsimikiza kuti mtolo wonse walowa. Zikatero m'pamene zosinthazo zimapita m'malo ake enieni pa disiki. Zonse zikafika, mtolowo umafufutidwa mu journal kuti malowo alandire wina, ndipo gawo limeneli limatchedwa checkpoint. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, poyakanso imangowerenga journal yokha. Mitolo imene ili ndi chidindo imalembedwanso m'malo ake, yopanda chidindo imatayidwa, ndipo zonse zimatha m'masekondi ochepa. Mwa nthawi zonse, mtolo umatsekedwa ndi kudindidwa pa masekondi 5 alionse.

Panapangidwa ziganizo ziwiri zimene zinaumba tsogolo la gululi. Choyamba, ext3, dzina limene dongosolo latsopanoli linapatsidwa, inasunga kasanjidwe ka ext2 pa disiki. Munthu ankatha kuwonjezera journal pa disiki yake yakale ndi lamulo limodzi la tune2fs, osasamutsa fayilo ngakhale imodzi. Chachiwiri, ntchito ya journal sinasakanizidwe ndi ext3. Inaikidwa payokha m'gawo lotchedwa JBD, kuti madongosolo ena adzathe kuibwereka. Patapita zaka, OCFS2 ya kampani ya Oracle inachitadi zimenezo.

Ext3 inapereka njira zitatu zosankhapo. Mu njira ya journal, zonse zimadutsira mu kaundula, ngakhale zam'kati mwa mafayilo. Mu njira ya ordered, imene inakhala yosankhidwiratu, kaundula amasunga zofotokoza mafayilo zokha, koma zam'kati mwa fayilo zimayamba zafika pa disiki chidindo chisanaikidwe. Mu njira ya writeback lamulo la choyamba ndi chotsatira limamasulidwa pofuna liwiro.

Sikuti ext3 inali yokha pa mpikisano. ReiserFS ndiyo inayamba kulowa mu kernel, mu Linux 2.4.1 ya Januwale 2001, ndipo JFS ya IBM ndi XFS ya SGI zinkabwera pambuyo. A Andrew Morton ndi anzawo anagwira ntchito yaikulu yosamutsira ext3 ku kernel ya 2.4 ndi kuilimbitsa. Kampani ya Red Hat inaiika mu Red Hat Linux 7.2 mu Okutobala 2001, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inalandiridwa mu Linux 2.4.15. Anthu ambiri anaisankha osati chifukwa cha liwiro, koma chifukwa inawalola kukwera popanda kusiya katundu wawo m'mbuyo.

Kukula: ext4 ndi JBD2

Pofika mu 2006 ext3 nayo inali itayamba kuthina. Manambala a mabuloko anali a ma bit 32, kotero kuti ndi mabuloko a 4 KB disiki singakanaposa 16 TB, ndipo fayilo imodzi singakanaposa 2 TB. Akatswiri a makampani monga IBM, Bull ndi Cluster File Systems, kampani imene inkapanga dongosolo la mafayilo la Lustre, anali ndi zigamba, kutanthauza zosintha za mu code, zokulitsira malirewo. Koma ena mwa akuluakulu a kernel anakana kuti zosintha zazikulu chotero zilowe mu ext3, imene anthu ambiri ankaidalira. Mkanganowu unatha mu Juni 2006 pamene a Ts'o anapereka ganizo loti ext3 isiyidwe mmene ilili, ndipo ntchito yatsopano ichitikire pa nthambi ina. Nthambiyo inalowa mu Linux 2.6.19 ndi dzina loyeserera la ext4dev. JBD nayo inagawidwa, n'kubadwa JBD2 yotha kusunga manambala a mabuloko a ma bit 64. Mu Disembala 2008, mu Linux 2.6.28, ext4 inalengezedwa kuti yakhwima.

Inabwera ndi ma extent, njira yolembera mabuloko ondondozana ngati mzere umodzi m'malo motchula buloko iliyonse payokha. Inabweranso ndi ma checksum mu journal othandiza kuzindikira mtolo wowonongeka, komanso chizolowezi chochedwetsa kusankha malo a fayilo pa disiki kuti idzasanjidwe bwino.

Chizolowezi chomalizachi chinabweretsa mayeso aakulu kumayambiriro kwa 2009. Anthu amene ankayesa Ubuntu 9.04 anapeza kuti kompyuta ikazima mwadzidzidzi, mafayilo ena ongolembedwa kumene ankapezeka opanda kanthu. Mapulogalamu ambiri anali atazolowera khalidwe la ext3, ndipo sankaitana fsync, lamulo lokakamiza kuti zolembedwa zifike pa disiki. Mwa malamulo a POSIX, muyezo umene mapulogalamu a mtundu wa Unix amatsata, ext4 sinalakwe. Koma wotaya fayilo satonthozedwa ndi malamulo. Gululi linasintha ext4 mu Linux 2.6.30 kuti izizindikira pamene pulogalamu ikulowetsa fayilo yatsopano m'malo mwa yakale, n'kufulumizitsa kulemba. Kuyambira pamenepo mfundo yoti chitetezo cha zinthu za anthu chimaposa kupambana mkangano inakhazikika m'gululi.

Chaka chomwecho Fedora 11 ndi Ubuntu 9.10 zinatenga ext4 kukhala yosankhidwiratu. Mu 2010 kampani ya Google inalengeza kuti ikusamutsira maseva ake ku ext4, ndipo kumapeto kwa chakacho Android 2.3 inayamba kuigwiritsa ntchito m'mafoni. Umu ndi mmene ntchito ya gululi inafikira m'manja mwa anthu a ku Lilongwe, Chipata ndi Tete amene sanamvepo dzina lake. Mu 2012 ma checksum anafalikira ku zofotokoza mafayilo zonse. Mu 2015, mu Linux 4.3, pulogalamu yakale ya ext3 pamodzi ndi JBD yoyamba zinachotsedwa mu kernel, chifukwa ext4 inkatha kuwerenga ndi kulemba madisiki a ext3. Kusamalira mapasa awiri ofanana kunkachititsa kuti cholakwika chilichonse chizikonzedwa kawiri.

Ntchito yowerengera ndi kumasula

Mbali imeneyi ya mbiri simveka kawirikawiri, koma ndi imene yaphunzitsa gululi zambiri. Buloko ya disiki ikakhala mu memory, kernel imaiyang'anira kudzera m'kachikalata kotchedwa buffer_head. Buloko imeneyo ikalowa mu mtolo, JBD2 imamatapo kachikalata kena kotchedwa journal_head, kolembapo mtolo umene bulokoyo ilimo, mtolo wotsatira umene ukuidikira, ndi ngati ikudikira checkpoint. Pa kompyuta yotanganidwa, tizikalata totere timabadwa ndi kufa tambirimbiri, ndipo timagwiridwa ndi mbali zingapo nthawi imodzi: pulogalamu imene ikulemba fayilo, kjournald2 amene amadinda mitolo, mbali yochita checkpoint, ndi mbali ya kernel yofuna kulanda memory kuti ipatse ena.

Kernel inalembedwa m'chilankhulo cha C, chimene sichitolera chokha memory yotha ntchito. Choncho journal_head iliyonse ili ndi chiwerengero chotchedwa b_jcount. Wotenga amawonjezera chimodzi, wobweza amachotsa chimodzi, ndipo chikafika pa 0 kachikalatako kamamasulidwa. Zili ngati mlonda wa holo amene amawerenga olowa ndi otuluka kuti adziwe nthawi yokhoma chitseko. Akaphonya wotuluka mmodzi, adikira mpaka kalekale holo ili yopanda munthu. Akawerenga wotuluka mmodzi kawiri, akhomera munthu mkati. Kuphonya koyambako kumadya memory pang'onopang'ono ndipo kumatha kulepheretsa disiki kutsitsidwa bwino. Kwachiwiriko n'koopsa koposa, chifukwa mbali ina imapitiriza kulemba pa memory imene yapatsidwa kale kwa wina. Zotsatira zake ndi kugwa kwa kernel, kuwonongeka kwa mafayilo mwakachetechete, kapena khomo lolowera akuba a pa intaneti.

M'zaka zoyambirira lamulo la moyo wa journal_head linali la nthambi ziwiri. Chiwerengero chinkawerenga ogwira akanthawi okha. Kachikalata kakakhala pa mndandanda wa mtolo kapena wa checkpoint, kankasungidwa popanda kuwerengedwa, ndipo aliyense wokachotsa pamndandanda ankayenera kukumbukira kuitana lamulo lapadera loyesa kukamasula. Malamulo awiri pa chinthu chimodzi anasiya mpata. Mbali ziwiri zikafika pa kachikalata kamodzi nthawi yofanana, ina inkatha kukamasula inzake isanamalize kukawerenga. Zolakwika zamtunduwu sizioneka tsiku ndi tsiku. Zimabuka mwa apo ndi apo pa makina otanganidwa, ndipo pozisaka m'pamene munthu amavomereza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 2011 a Jan Kara a kampani ya SUSE anakonza muzu wa vutoli m'malo motseka mpata umodzi wokha. Anasintha lamulo kuti mndandanda wa mtolo nawo uziwerengedwa ngati wogwira, chimodzimodzinso mndandanda wa checkpoint. Lamulo lapadera lomasulira lija linachoka m'manja mwa oitana, ndipo panatsala khomo limodzi: wobweza womaliza, amene wafikitsa chiwerengero pa 0, ndiye amamasula. Wowerenga code sanafunikenso kusunga m'mutu zinthu zitatu kuti adziwe ngati kachikalata kali moyo.

Kuyeretsa kwina kunadza mu 2019, ndipo kunachokera kunja kwa gululi. A Thomas Gleixner ndi anzawo ankakonza Linux kuti izitha kuyankha pa nthawi yotsimikizika, ntchito yotchedwa PREEMPT_RT, yofunika m'makina a m'mafakitale. JBD2 inkateteza journal_head ndi loko wa bit imodzi wokhala mu buffer_head. Loko wotere amaletsa purosesa kusiya ntchito imene ili nayo kuti ithamangire yofulumira, komanso lockdep, chida chofufuzira maloko osemphana, sichimuona. Njira yabwino inali kuika loko wamba mkati mwa journal_head mwenimwenimo. Koma apa panabuka funso la kumasula. Malamulo ochotsa buloko pamndandanda ankabweza chiwerengero loko ali chikhomere. Loko akakhala mkati mwa kachikalata, ndiye kuti kachikalatako kakanatha kumasulidwa pamodzi ndi loko amene munthu akadamugwira, ndipo potsegula akanakhudza memory imene si yakenso.

Choncho loko asanasamutsidwe, anayamba akonza dongosolo lobwezera. A Kara anachotsa kubweza m'malamulo amkatiwo n'kukupereka kwa oitana, kuti aziyamba atsegula loko kenako n'kubweza. Lamulo losamutsa buloko kupita ku mtolo wotsatira linayamba kuuza woitana ngati pali chofunika kubweza. Nthambi zosafunika zinadulidwa, ndipo a Gleixner anasuntha kumasula kwenikweni kwa memory kuti kuzichitika kunja kwa malo okhomedwa. Zigambazi zinalowa mu Linux 5.5 kumayambiriro kwa 2020. Wogwiritsa kompyuta sanaone kusintha kulikonse, koma chimodzi mwa zopinga za PREEMPT_RT chinachoka, ndipo ntchitoyo inalandiridwa mokwanira mu Linux 6.12 mu Novembala 2024.

Mu 2021 a Zhang Yi a kampani ya Huawei anakonza mbali ina ya nkhani yomweyi. Njira imene kernel inkalandira memory ya mabuloko odikira checkpoint inkatha kuwombana ndi kutsitsa disiki, ndipo inkathanso kumasula buloko imene kulembedwa kwake kunalephera journal isanamve za kulepherako. Mu Linux 5.14 njirayo inachotsedwa, ndipo JBD2 inapatsidwa shrinker yakeyake, kutanthauza kuti kernel ikasowa memory imapempha journal, ndipo journal ndiyo imasankha zoyenera kumasula.

Pa zochitika zitatuzi pali ulusi umodzi. Nthawi iliyonse gululi linachepetsa malo omasulira ndi kumveketsa mwini wa udindo. Ndi chifukwa chake chigamba chongochotsa mizere ingapo kapena kusuntha kubweza kumodzi chimaunikidwa mwakhama lofanana ndi chigamba chobweretsa luso latsopano.

Maudindo ndi kayendetsedwe

Pamwamba pa chigawo chilichonse pali wosamalira wamkulu. Iye amalandira zigamba, kuziyesa, kuzisonkhanitsa mu nthambi yake ya Git, ndi kuzipereka kwa a Torvalds. Kwa ext4 udindowu uli ndi a Ts'o, ndipo JBD2 amaisamalira mothandizana ndi a Kara. Pambali pawo pali ounika, amene ntchito yawo ndi kuwerenga chigamba mzere ndi mzere. A Andreas Dilger ndi mmodzi mwa amene akhala pa ntchitoyi nthawi yaitali. Kenako pali olemba zigamba, ena olembedwa ntchito ndi makampani monga Google, SUSE, Red Hat, IBM, Oracle ndi Huawei, ena odzipereka okha. Palinso oyesa ndi opereka malipoti a zolakwika. Bungwe la Linux Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 2007, limathandiza ndi zipangizo ndi misonkhano, koma siligamula chigamba choyenera kulowa.

Chigamba chimatumizidwa poyera kudzera pa imelo, chili ndi mawu ofotokoza vuto ndi chifukwa chake njira yosankhidwayo ili yolondola. Kuyambira mu 2004 wolemba aliyense amaika mzere wa Signed-off-by, kutsimikiza kuti ali ndi ufulu wopereka ntchitoyo. Wounika akakhutira amawonjezera Reviewed-by. Chigamba chokonza cholakwika chimakhala ndi mzere wa Fixes woloza chigamba chimene chinabweretsa vutolo. Mwambo ndi wakuti chigamba chimodzi chichite chinthu chimodzi. N'chifukwa chake ntchito ya mu 2019 inabwera ngati mndandanda wa tizigamba, choyeretsa patsogolo, chosintha loko pambuyo, kuti china chikadzavuta chidzapezeke mosavuta.

Kernel yatsopano imatuluka pakatha milungu 9 kapena 10. Milungu iwiri yoyamba ndi nthawi yolandira zatsopano, ndipo yotsalayo ndi yoyesa ndi kukonza. Zokonza zofunika zimatengedwa ndi osamalira makernel okhazikika, motsogozedwa ndi a Greg Kroah-Hartman, n'kuikidwanso m'makernel akale amene mafoni ndi maseva akugwiritsabe ntchito. Akatswiri a ext4 amakhalanso ndi zokambirana za nthawi ndi nthawi pa intaneti, ndipo chaka ndi chaka amakumana ndi anzawo a madongosolo ena a mafayilo ndi a memory pa msonkhano wa LSF/MM.

Zida zoyesera

Kale cholakwika cha chiwerengero chinkadziwika pokhapokha makina a munthu atagwa. Lero zida zimachisaka chisanafike kwa anthu. Mayeso a xfstests, amene anayambira ku SGI ndipo tsopano amagwiritsidwa ntchito ndi madongosolo ambiri, amapanikiza ext4 m'njira zosiyanasiyana, kuphatikizapo kuyerekeza kuzima kwadzidzidzi. A Ts'o anapanga kvm-xfstests ndi gce-xfstests kuti aliyense athe kuyendetsa mayesowa mosavutikira. Lockdep, imene inalowa mu kernel mu 2006, imagwira maloko otengedwa mosemphana. KASAN, imene inalowa mu Linux 4.0 mu 2015, imaliza belu nthawi yomweyo pamene code yakhudza memory yomasulidwa. Syzbot ya Google imaponyera kernel malamulo osokonekera ndi madisiki owonongedwa dala usana ndi usiku, n'kutumiza lipoti la chilichonse chimene chagwa. Mu 2017 kernel yonse inalandiranso refcount_t, mtundu wa chiwerengero chimene chimakana kusefukira ndipo chimachenjeza wina akayesa kutenga chinthu chimene chafika kale pa 0.

Zidazi sizinachotse ntchito ya wounika. Chida chimanena kuti apa pagwa, koma munthu ndiye amayankha funso loti udindo wobweza unali wa yani.

Zimene gululi likuchita lero

Ext4 ikadali yosankhidwiratu pa Debian ndi Ubuntu, ndipo ikugwira ntchito m'maseva, m'makompyuta a m'masukulu ndi m'mafoni ambiri a Android. Anzake ena akale anapuma. ReiserFS inachotsedwa mu Linux 6.13 mu 2025, ndipo pulogalamu ya ext2 inalengezedwa mu 2024 kuti ikupita kopuma chifukwa sitha kusunga madeti opitirira chaka cha 2038. Madisiki a ext2 ndi ext3 akupitiriza kuwerengedwa ndi ext4, mogwirizana ndi lonjezo lakale loti zimene munthu anasunga zisatayike chifukwa pulogalamu yasintha.

Ntchito zazikulu za pano zilipo zingapo. Yoyamba ndi kukhwimitsa fast commit, njira imene inalowa mu Linux 5.10 mu Disembala 2020 kudzera mwa a Harshad Shirwadkar. Njirayi imalemba mwachidule chimene chasintha m'malo molemba mabuloko athunthu, kuti fsync izitha msanga. Yachiwiri ndi kusamutsira ext4 ndi JBD2 ku ma folio, njira yatsopano imene kernel ikuyang'anira nayo memory m'zigawo zikuluzikulu, ndi kuchepetsa kudalira buffer_head pa zam'kati mwa mafayilo. Yachitatu ndi kuchepetsa kulimbirana maloko pa makina a mapurosesa ambiri ndi madisiki othamanga a NVMe. Yachinayi ndi kulimbitsa ext4 kuti disiki yowonongeka, kapena yokonzedwa ndi munthu wa zolinga zoipa, ibweretse uthenga wa cholakwika osati kugwetsa kernel. Iliyonse mwa ntchito zimenezi imakhudza moyo wa tizikalata ta mu memory, choncho iliyonse imabwera ndi kuunikanso malo otengera ndi obwezera.

Chosowa chachikulu cha gululi ndi ounika. Olemba zigamba ndi ambiri, koma anthu odziwa JBD2 mokwanira kuti atsimikize kuti kubweza kwina n'kolondola ndi ochepa. Khomo n'lotsegukira aliyense, kaya ali ku Zomba kapena ku Prague, ndipo palibe ndalama yolowera. Wofuna kuyamba awerenge code ya mu fs/jbd2 ndi zofotokoza za mu Documentation/filesystems, aphunzire kumanga kernel ndi kuyendetsa kvm-xfstests, kenako atenge lipoti limodzi la syzbot n'kuyesa kulibwereza pa makina ake. Potumiza chigamba choyamba, afotokoze momveka amene watenga, amene abweze, ndi loko amene ali wokhoma pa nthawi yobwezayo, chifukwa amenewa ndi mafunso amene ounika adzayambe kumufunsa.